Mafunso ndi mayankho: kudula matabwa a mafelemu akuya a zithunzi popanda kubenthula

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene akalipentala anzanga komanso anyamata ophunzira ntchito amandifunsa akandipeza ndikudula makona a mafelemu kuno ku Ndirande. Felemu wamba ya satifiketi sivuta munthu. Imene imasowetsa mtendere ndi felemu yakuya, ija yokhala ngati kabokosi, yoikamo jezi ya Bullets kapena ya Wanderers, mamendulo, chipewa cha tsiku lomaliza maphunziro, kapena chithunzi cha penti chokokedwa pa timitengo. Thabwa lake limakhala lopyapyala koma lalitali likaimirira, mamilimita 50, 70, mwinanso 100, ndipo mbali yonse yakunja imaonekera felemuyo ikapachikidwa pakhoma. Pakangobenthuka pang'ono pa kona, diso la mwini wake limathamangira pomwepo.

N'chifukwa chiyani thabwa likubenthuka chikhalirecho sowo yanga ndi yatsopano?

Tengani nzimbe muidule ndi mpeni ili m'malere. Polowa mpeniwo umadula bwino, koma potulukira khungu limang'ambika n'kutsala lendelende. Igonekeni pa chipika, mudule mpaka mpeni ugunde chipikacho, muona kuti yaduka mwaukhondo mbali zonse. Thabwa nalo ndi chimodzimodzi. Lili ndi ulusi wake, ndipo dzino la sowo likamalowa ulusiwo umakhala ndi unzake kumbuyo wougwirira. Potulukira palibenso chougwira, choncho dzino siliudula koma limaukankha mpaka uthothoke.

Ndiye musanaloze chala sowo, yambani mwadziwa kumene mano ake amatulukira. Pa makina odulira makona, aja otsitsa ndi dzanja, mano akutsogolo amapita pansi kenako n'kulowera kumbuyo, kumene kuli chitsulo chotsamirapo thabwa. Kubenthuka kumachitika pansi ndi kumbuyo. Tsoka lake, pa makina ambiri pakati pa chotsamiracho pali mpata waukulu wopitamo sowo, ndipo pa tebulo palinso ngalande yotambalala. Malo awiri amene thabwa likufunika chithandizo ndi omwewo amene latsala pamphepo.

Thabwa lalitali lili ndi vuto lachiwiri. Chotsamira cha makina ang'onoang'ono n'chachifupi, motero theka la pamwamba la thabwa lanu silitsamira kanthu. Sowo ikalikhudza limanjenjemera, ndipo thabwa lonjenjemera silidulika bwino ngakhale sowo itakhala yolusa ngati lumo.

Nanga ndilichirikize bwanji?

Pano ndiye pagona ntchito yonse, ndipo sipafuna ndalama. Pezani zidutswa ziwiri zowongoka za pulayiwudi kapena MDF (bolodi lopangidwa ndi utuchi womatidwa), zokhuthala mamilimita 12 kapena 18. Chimodzi chigone pa tebulo la makina, china chiimirire kutsogolo kwa chotsamira chachitsulo, ndipo chitalike kuposa thabwa limene mukudula. Zilumikizeni ndi guluu ndi masikuluwu zikhale ngati chilembo cha L, muonetsetse ndi sikweya kuti zaima bwino, kenako zimangirireni ku makina. Pa zotsamira zambiri pamakhala mabowo a ntchito imeneyi. Masikuluwu akhale kutali ndi njira ya sowo.

Mukatero ikani makina pa madigiri 45, yatsani, mutsitse sowo idzitsegulire yokha njira m'pulayiwudimo, koma osadula chidutswa chapansicho mpaka kuchilekanitsa. Njira imeneyo imakhala yolingana ndendende ndi sowo yanu, popanda mpata wotsala. Tsopano ulusi wa thabwa uli ndi chougwira mpaka pamene dzino likutulukira. Phindu lina n'lakuti mzere umene sowo yadula ukusonyezani pamene idzadutse, ndiye chizindikiro cha pensulo mumangochilunjika pamenepo. Njirayo ikakula chifukwa chodulapo kambiri, sunthani pulayiwudiyo mudule yatsopano. Ine ndimasunga awiri, wa kona ya kumanja ndi wa kona ya kumanzere.

Pali malo ena amene ambiri amaiwala: mpata uja wolowamo galasi ndi chithunzi. Pamwamba pake pali kamlomo kopyapyala kolendewera, ndipo pa felemu yakuya kamlomoka kamakhala pamwamba kwambiri, pansi pake pali phanga lokhalokha. Sowo ikakakanikiza kamapindika, kenako n'kuthyoka. Palani kathabwa kolowa bwino mu mpatawo kuti kaudzaze wonse, mudule ziwirizo pamodzi ngati thabwa limodzi.

Chomaliza, gwiritsani kilampu, osati dzanja lokha. Podula pa 45 sowo imakoka thabwa chammbali. Dzanja limaganiza kuti lagwira, pamene thabwa layenda theka la milimita. Pansi pa kilampu ikani kachikopa kapena kansalu kuti penti isadindike.

Thabwa liimirire kapena ligone?

Ngati likukwana pansi pa sowo lili chiimire, liimirireni monga mmene lidzakhalire felemu ikagona patebulo, nkhope yake kumwamba. Kudula kotere n'kodalirika chifukwa pa makina ambiri pali poima penipeni pa 45, ndipo sowo imatsika molunjika. Ndimakonda kuti mbali yakunja, yosalala ija, itsamire pulayiwudi, chifukwa ndi yokhayo yokhudza chotsamira kuchokera pansi mpaka pamwamba.

Likatalika kwambiri moti mota kapena chotchinga cha sowo chikugunda thabwa musanamalize kudula, musalimbane nazo, ndipo musachotse chotchingacho. Ligonekeni chambali, mbali yakunja pansi, mubwezere tebulo pa ziro, mupendeketse mutu wa makina madigiri 45. Kona yotuluka ndi yomweyo. Kutalika kuja kwasanduka mulifupi, ndipo makina amene mutu wake umathamanga pa njanji amadula mosavuta. Koma dziwani kuti manambala osonyeza kupendekeka amakhala aang'ono ndiponso osadalirika kwenikweni, ndiye yesani kaye pa zidutswa zotsala.

Makina a njanji ali ndi khalidwe lawo. Mumakoka mutu kubwera kwa inu, kutsitsa, n'kukankha kupita kumbuyo, ndipo pokankhapo mano amene akutsogolera amakwera m'mwamba, motero amabenthula pamwamba pa thabwa. Mankhwala ake ndi kuyamba mwalemba kamzere kosaya ndi sowo yomweyo, milimita imodzi kapena awiri, kenako n'kudula lonse.

Njira iliyonse imene mwasankha, dikirani sowo ifike pa liwiro lake lonse isanakhudze thabwa, tsitsani pang'onopang'ono, ndipo mukamaliza zimitsani sowo ili pansi pomwepo mpaka iime. Makona ambiri amene ndawaona atawonongeka anabenthuka sowo ikubwerera m'mwamba ikuzungulirabe.

Ndigule sowo ya mano angati?

Sowo imene imabwera ndi makina nthawi zambiri imakhala ya mano 24, 40 kapena kupitirirapo pang'ono. Imeneyo ndi yodulira mitengo ya denga. Pa mafelemu, ngati sowo yanu ndi ya mamilimita 250 kapena 254 funani ya mano 80. Ngati ndi ya mamilimita 305, mano 96 kapena 100. Mano akachuluka, lililonse limaluma pang'ono, ndiye silikhala ndi mphamvu yothothola.

Kuchuluka kwa mano si zonse. Yang'anani mmene dzino laimira. Mano oweramira kutsogolo amakokera thabwa kwa iwo, ndipo ndi abwino pong'amba thabwa mulitali pa makina a tebulo. Pa makina a makona mufunika mano oima chilili kapena obwerera m'mbuyo pang'ono. Pa paketi amalemba kuti negative hook. Komanso pa thabwa lalitali pewani sowo yopyapyala kwambiri. Imapepuka ku mota, inde, koma ikalowa mamilimita 70 m'thabwa lolimba imapindika, n'kusiya kona yokhala ndi kamimba. Yokhuthala, yodula njira ya mamilimita atatu, imayenda mowongoka.

Pogula m'mashopu a zitsulo a ku Limbe kapena m'tauni, tengani sowo yakale m'manja kuti mufananize bowo la pakati. Mabowo amasiyana, ena ndi a mamilimita 30, ena 25.4, ena 16, ndipo sowo yogwedera pa bowo ndi yoopsa komanso imabenthula.

Sowo ya mafelemu isamadulenso china. Ikangokumana ndi msomali kapena thabwa la mchenga lochokera pa chikombole cha konkire, yatha ntchito. Kawirikawiri imene timati yabuntha imakhala yangodetsedwa ndi utomoni wa paini. Ichotseni pa makina, mupukute mano ndi palafini ndi mswachi wakale, muyesenso. Mano ake a carbide, chitsulo cholimba kwambiri, satheka ndi tupa wamba. Ikabunthadi ipititseni kwa onola ndi makina.

Ena amati kumata tepi pa mzere n'kokwanira. N'zoona?

Tepi ya pepala imathandiza pang'ono, makamaka pa thabwa lopaka penti kapena lomatidwa pepala, koma siilowa m'malo mwa pulayiwudi wa kumbuyo. Mukamaimatula kokerani kumene kuli kona, osati kuchokera ku kona, ndipo yesani kaye pa chidutswa chifukwa pa matabwa ena agolide imachoka ndi golide yemwe. Chimene chimaposa tepi ndi kulemba mzere ndi mpeni wakuthwa motsatira sikweya, mbali imene mano atulukire. Ulusi ukaduka kale ndi mpeni, kung'ambika kumathera pa mzerewo.

Ndilibe makina, kapena magetsi azima. Ndingadule bwino ndi manja?

Kwambiri, ndipo makona okongola kwambiri amene ndinapangapo ndinawamaliza ndi manja. Makina amafulumiza ntchito basi.

Pangani bokosi la makona: thabwa limodzi pansi, awiri m'mbali, a mtengo wolimba ngati bulugamu wouma. M'mbalimo mutalike kuposa thabwa la felemu. Lembani 45 pamwamba, mutsitse mizere ndi sikweya mbali zonse ziwiri, mudule ndi sowo imene muzidzagwiritsa ntchito masiku onse. Timabokosi ta pulasitiki togulitsidwa m'mashopu n'tatifupi, ndipo njira zake zimakula msanga. Sowo ikhale ya msana wachitsulo, ya mano ang'onoang'ono, koma yesani kuya kwake: msana ukagunda bokosi musanafike pansi, felemu yakuya siitheka. Pamenepo ndi pofunika sowo ya makona yoyenda pa timizati, monga ya Nobex ya ku Sweden, imene imalandira mano 18 kapena 24 pa inchi. Sowo zathuzi zimadula pokankha, ndiye kubenthuka kumakhala mbali yakutali ndi inu. Kumeneko ndiye kofunika kutsamiritsa ndi kulemba ndi mpeni. Musaikanikize. Kulemera kwake n'kokwanira, ndipo pomaliza chepetsani mphamvu kwambiri.

Chinsinsi chili pa zimene zimatsatira. Dulani mopitirira mzere ndi milimita imodzi, yotsalayo muipale. Pangani thabwa lopalirapo makona: bolodi losalala, m'mphepete mwake muli njira yoyendamo puleni itagona chammbali, ndipo pamwamba pakhomedwa chipika pa madigiri 45 enieni. Thabwa la felemu limatsamira chipikacho, puleni n'kumadya pang'onopang'ono. Chipikacho chimagwira ntchito ya pulayiwudi uja, ndiye chitalike mofanana ndi thabwa. Mpeni wa puleni ukhale wolusa wometa ubweya wa pamkono, ndipo utulutse pang'ono zedi. Mukamva kulira kwa "sii, sii" ndi kuona timapepala topyapyala m'malo mwa utuchi, zikuyenda. Puleni wamba ya nambala 4 kapena 5 ili ndi mpeni wa mamilimita 50 okha, motero thabwa lotalika kuposa pamenepo limafuna ya nambala 6 kapena 7, ya mpeni wa mamilimita 60, koma likaposanso pamenepo matani sandipepa pa chipika chowongoka bwino mugwiritse m'malo mwa puleni, mukukankhira mbali imodzi yokha.

Za jenereta ndinenepo mawu amodzi. Ikakhala yaing'ono, sowo imafooka ikalowa m'thabwa, ndipo sowo yoyenda mofooka imatafuna. Mukamva mota ikusintha mawu, bwererani ku bokosi.

Ndingamange sowo ya matabwa pa gulayinda?

Ayi, achimwene, chonde musayerekeze. Gulayinda yaing'ono imazungulira maulendo oposa 10,000 pa mphindi, ilibe tebulo, ilibe chotsamira, ndipo mano akakodwa m'thabwa imadumphira kwa inu. Kona ya felemu simungaipeze, koma chala mungachitaye. Ngakhale pa makina enieni, kachidutswa kafupi musakagwire ndi dzanja pafupi ndi sowo.

Bwanji matabwa ogula opaka kale, agolide ndi apulasitiki aja?

Awa ndi amene amaliza anthu misozi chifukwa ndi okwera mtengo ndipo sakonzeka. Ambiri agolide ndi akuda onyezimira ali ndi chikhungu choyera pansi pa utoto, cholimba ngati chigoba cha dzira. Sichipindika, chimangosweka. Tsiku lina mayi wina wa ku Chilomoni anabwera ndi mendulo ndi chithunzi cha malemu amuna awo, atagula okha thabwa lagolide lokwanira felemu imodzi yokha. Ndinadula kona yachitatu mofulumira, pulayiwudi wa kumbuyo ali wakutha, golide n'kusweka ngati chikhadabo. Nditawaonetsa anangoti, "Bambo, ndiye titani?" Ndinawauza zoona, ndinagula thabwa lina ndi ndalama zanga, ndipo anadikira sabata ina. Kuyambira pamenepo thabwa lotere sindilidula ndisanatsegule njira yatsopano m'pulayiwudi ndi kulemba mzere ndi mpeni.

Apulasitiki vuto lawo ndi kutentha. Mukachedwetsa kwambiri amasungunuka n'kumata pa mano, mukafulumiza amasweka. Sowo ikhale yoyera, dzanja litsike mosaima panjira, ndipo zotsalira m'mphepete muzichotse ndi mpeni zikazizira. Guluu woyera wa matabwa sagwira pulasitiki, pamafunika wake. A aluminiyamu amafuna sowo yake ya mano opangidwira zitsulo zofewa. Podula MDF valani chotseka pamphuno, fumbi lake si labwino m'chifuwa.

Mashopu akuluakulu a mafelemu amagwiritsa ntchito makina opondera ndi phazi, a mipeni iwiri yokumana ngati V, otchuka kwambiri ndi a Morsø a ku Denmark. Safuna magetsi ndipo satulutsa fumbi. Nawonso amaluma pang'onopang'ono, osati kamodzi, ndipo ali ndi tizitsulo tochirikiza kamlomo ka galasi kaja.

Kona sinabenthuke, koma ikugwirana pamwamba n'kutsegula pansi. Chalakwika n'chiyani?

Sowo yanu siinaime chilili pa tebulo, kapena thabwa linapendekeka podula. Pa felemu wamba ya mamilimita 20 digiri imodzi yolakwika imabisala, chifukwa imangopereka mpata wosakwana theka la milimita. Pa thabwa la mamilimita 70 digiri yomweyo imapereka milimita imodzi ndi kachidutswa, mbali imodzi yokha, ndipo pa kona pamakumana mbali ziwiri. Zulani pulagi ku magetsi, tsitsani sowo, muimike sikweya pa tebulo ikhudze thupi la sowo pakati pa mano, osati pa dzino. Onaninso ngati pansi pa thabwa palibe utuchi. Kanyenyeswa kamodzi n'kokwanira kulipendeketsa.

Ngati makona atatu akugwirana koma yachinayi ikukana, pali zinthu ziwiri. Mwina 45 wanu si weniweni: felemu imadulidwa kasanu ndi katatu, ndiye kulakwitsa kwa theka la digiri kumaunjikana kukhala madigiri 4 pa kona yomaliza. Kapena mbali zoyang'anizana sizofanana kutalika. Musamayeze mbali iliyonse payokha ndi tepi. Dulani kona imodzi pa zidutswa zonse, khomani kachipika koimitsira pa pulayiwudi, kenako dulani ziwiri zazitali pa kachipika komweko, ziwiri zazifupi chimodzimodzi. Mukazigundanitsa misana, nsonga zake zilingane pozikhudza ndi chala.

Pomata, kumbukirani kuti podulidwa pamamwa guluu. Pakani wochepa kaye, mudikire pang'ono, mupakenso. Ngati mulibe lamba womangira, malegeni a chubu cha njinga amagwira bwino, koma pa felemu yakuya mangani awiri, wina pamwamba wina pansi, apo ayi mbali imodzi idzayasama.

Pa matabwa athu akuno, labwino ndi liti?

Paini, wochokera ku Chikangawa kapena ku Zomba, ndi wofewa, wotsika mtengo, koma ulusi wake umaphwanyika sowo ikabuntha pang'ono, ndipo mfundo isagwere pa kona. Malaina ndi wopepuka, amapalika bwino, amalandira penti. Mbawa ndi wokongola ndi vanishi, koma ulusi wake umapingasana, ndiye puleni ikhale yolusa. Mlombwa ndiye mfumu, sasuntha kwenikweni akauma, koma mitengo yachilengedweyi ikutha, ndipo ine ndimakonda kuupeza ku mipando ndi zitseko zakale. Mkungudza wa ku Mulanje ndi wotetezedwa. Wina akakutsatsani watsopano, mukaneni.

Choposa mtundu wa mtengo ndi kuuma kwake. Thabwa limafota m'mulifupi, osati mulitali. Mukapanga felemu ndi thabwa lachinyezi m'dzinja, pofika mwezi wa Okutobala makona amatsegula mkati. Louma kwambiri likamwa chinyezi cha mvula kapena cha chiperoni limatsegula kunja. Mukagula matabwa asanjikeni pamthunzi, timitengo pakati, akhale milungu ingapo pamalo pamene mugwirire ntchito.

Ndiyeze bwanji kuti ndisadule lalifupi?

Yezani galasi, muonjezere mamilimita awiri kuti lilowe momasuka, kenako muonjezere kawiri gawo la thabwa lotsala mukachotsa mpata wa galasi. Tiyerekeze pepala la A4, la mamilimita 210 ndi 297, thabwa la mulifupi mamilimita 20, mpata wa galasi mamilimita 6. Chotsala ndi 14, kawiri ndi 28. Mbali yaitali kunja kwake ikhala 297, kuonjeza 2, kuonjeza 28, zonse 327. Yaifupi ikhala 240. Yambani kudula zazitali, kuti imodzi ikawonongeka isanduke yaifupi.

Labenthuka kale. Nditaye?

Onani kaye kukula kwake. Kachibenthu mukakapeza pansi, kabwezereni pomwepo ndi kadontho ka guluu ndi tepi. Palibe chodzazira chimene chingafanane nako. Ngati thabwa mudzapaka vanishi, sakanizani utuchi wosalala wa thabwa lomwelo ndi guluu pang'ono, mudzaze, muume, mupale ndi sandipepa wosalala. Pa matabwa akuda opaka kale, detsani m'mphepete mwa podulidwa ndi cholembera cha mtundu womwewo musanamate, kuti kuyera kwa mkati kusaoneke, ndipo timipata tating'ono mutitseke ndi phula kapena polishi wa nsapato. Nsonga ya kona ikatsegula ngati tsitsi pa thabwa losapaka, isisiteni mbali zonse ziwiri ndi thupi lozungulira la sikuludiraiva guluu asanaume, ulusi upindikire mkati.

Likabenthuka kuposa mamilimita awiri kapena atatu pankhope, makamaka lagolide, musalimbane nalo. Lifupikitseni likhale la chithunzi chaching'ono, mudule lina.